Nyenyezi za mayeso a ngozi zimakutetezani mpaka pati pa msewu wa Zalewa?

Achimwene, mwati mwaona Vitz ndi Fit kwa ogulitsa magalimoto a ku Japan, zonse akuti zinapeza nyenyezi zambiri pa mayeso a ngozi, ndiye mukufunsa ngati nyenyezizo zili ndi phindu kwa munthu woyenda msewu wa Zalewa kawirikawiri ndi banja lake. Ena ayankha kale kuti ndi zokopera ogula basi. Pamenepo alakwitsa. Nyenyezi zimanena zoona, kungoti zimanena za ngozi za mitundu yochepa, pa liwiro loikika, pa galimoto yongotuluka kumene mu fakitale, ndipo wogulitsa sangakuuzeni zimenezo.

Amene amachita mayesowa si makampani opanga magalimoto. Ku Japan kuli JNCAP imene inayamba mu 1995, ku Ulaya Euro NCAP ya mu 1997, ku America kuli NHTSA ya boma ndi IIHS imene imayendera ndalama za makampani a inshuwalansi. Amatenga galimoto yatsopano n'kukhazikamo zidole zokhala ndi zoyezera m'mutu, m'khosi, pachifuwa ndi m'ntchafu. Chidole chodziwika kwambiri, Hybrid III, chimalemera pafupifupi makilogalamu 78. Amachikhazika mowongoka, amachimanga lamba bwinobwino, kenako amakoka galimotoyo ndi chingwe n'kukaiwombetsa. Pa mayeso amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwa zaka zambiri, galimoto imathamanga makilomita 64 pa ola, ndipo 40 peresenti yokha ya kutsogolo, mbali ya dalaivala, ndiyo imagunda chibuloko cha aluminiyamu chopangidwa ngati chisa cha njuchi. Fumbi likatsika amayeza kuti chiwongolero chabwera m'mbuyo masentimita angati, mapedulo afika pati, denga lapindika kapena ayi, chitseko chikutseguka kapena chakanirira, ndiponso mutu ndi chifuwa cha chidole zalandira nkhonya yaikulu bwanji. Kutsogolo kukafwanyika kwambiri koma pokhala anthu n'kutsala pabwino, imeneyo ndiye galimoto yabwino, chifukwa chitsulo chopindikacho ndicho chadya mphamvu imene ikanafika pa nthiti zanu. Choncho amene amati "zakale zinali zolimba, sizinkaphwanyika" akutamanda chinthu cholakwika.

Ndipo zotsatirazi zimafanana ndi za pamsewu. IIHS itayerekeza mayeso ake ndi ngozi zenizeni ku America, inapeza kuti dalaivala wa galimoto yokhoza bwino pa mayeso a kutsogolo aja chiopsezo chake cha imfa pa ngozi yowombana kutsogolo chimatsika ndi 46 peresenti poyerekeza ndi wa galimoto yolephera. Pa kugundidwa m'mbali mwa dalaivala kusiyana kwake kunali 70 peresenti. Zimenezi si zochepa.

Vuto loyamba, limene kwa ife kuno ndi lalikulu kuposa onse, ndi kulemera. Galimoto ikagunda khoma imakhala ngati yawombana ndi inzake yolemera mofanana nayo. Vitz pa mayeso imalimbana ndi Vitz inzake, Prado ndi Prado inzake. N'chifukwa chake a NHTSA amanena okha kuti nyenyezi za kutsogolo muziyerekeza pa magalimoto a gulu limodzi, osiyana kulemera mosapitirira makilogalamu 113 kapena pamenepo. Tiwerengere pamodzi. Vitz ili pafupi ndi makilogalamu 1,000, Prado tiike pa 2,000 ngakhale imapitirirapo. Zonse zikuthamanga 60 ndipo zawombana mphuno ndi mphuno pa Lirangwe. Prado imatsika kuchoka pa 60 kufika pa 20, ikupitabe kutsogolo. Vitz imachoka pa 60 ya kutsogolo n'kukankhidwa chobwerera m'mbuyo pa 20. Thupi la munthu wa mu Prado lamva kusintha kwa 40, la wa mu Vitz lamva 80, pa ngozi imodzi yomweyo. Mu 2009 IIHS inachitadi zimenezi: inawombetsa Honda Fit ndi Honda Accord, Toyota Yaris (ndiyo Vitz yathuyi) ndi Toyota Camry. Fit ndi Yaris zinali zitakhoza bwino pogunda chibuloko, koma zitakumana ndi zazikulu za kampani yawo yomwe zonse zinalephera. Ndiye taganizirani timagalimoto ta 660cc tija, Mira ndi Alto, timene sitifika n'komwe makilogalamu 900. Tili bwino pa mafuta ndi mu Limbe muno, koma nyenyezi zake zisakupatseni mtima woti tingalimbane ndi Hilux.

Euro NCAP inaona vutoli, ndipo kuyambira 2020 imawombetsa galimoto ndi ngolo yoyenda ya makilogalamu 1,400, zonse pa 50. Koma magalimoto ambiri amene tikuitanitsa kudzera pa Dar es Salaam ndi Beira anayesedwa mayesowa asanabwere.

Chachiwiri ndi liwiro. Mphamvu ya ngozi sikwera mofanana ndi liwiro, imakwera ngati liwiro mwalichulukitsa ndi lokha. Pa 90 mphamvu yake ndi pafupifupi kawiri ya pa 64. Pa 120 ndi katatu ndi theka. Palibe nyenyezi imene inaperekedwa pa liwiro limenelo. Mayeso ogundira m'mbali pa mtengo kapena pholo ndiye amachitikira pa 32 yokha ku Euro NCAP, chifukwa pakati pa phewa lanu ndi kunja pali chitseko chimodzi basi, ndipo chinthu chopyapyala ngati pholo ya magetsi chimalowa mkati ngati nkhwangwa.

Palinso ngozi zimene mayeso ambiri sazikhudza n'komwe, ndipo ndi zimene timazidziwa bwino kuno. Thiraki yafera pa M1 usiku, yopanda nyali, chizindikiro chake nthambi za mtengo zoyalidwa pa phula. Galimoto yaing'ono ikagunda kumbuyo kwake, zitsulo ziwiri za chasisi zimene zinapangidwa kuti zilandire nkhonya zimadutsa pansi osakhudza kanthu, ndipo bodi ya thiraki imafikira pa galasi ndi pa zipilala za denga, mulingo wa mutu wa munthu. Nthawi zina ngakhale airbag imachedwa kuphulika chifukwa masensa ali pansi, kutsogolo. Chimodzimodzi kugwera m'ngalande yakuya, kugubuduzika potsika mapiri a ku Chikwawa, kapena kugunda kawiri motsatizana, pamene airbag yaphulika kale pa kugunda koyamba ndipo kwachiwiri mulibenso kanthu.

Tsopano funsani wogulitsa uja kuti nyenyezizo ndi za chaka chiti komanso za bungwe liti. Mayeso amakhwima zaka zikamapita. Fiat Punto inapeza nyenyezi zisanu ku Euro NCAP mu 2005, ndipo itayesedwanso mu 2017 sinapeze ngakhale imodzi. Galimoto sinafooke, mlingo ndiwo unakwera. JNCAP nayo inali ndi nthawi imene inkapereka mpaka nyenyezi zisanu ndi imodzi, ndiye "zisanu" za nthawi imeneyo sizinali za pamwamba penipeni. Kuyambira 2009 mpaka 2025 nyenyezi za Euro NCAP zinkaphatikiza zinthu zinayi: chitetezo cha akulu, cha ana, cha oyenda pansi, ndi zipangizo zothandiza kupewa ngozi. Galimoto ya thupi lolimba ikhoza kutaya nyenyezi chifukwa ilibe kamera yoona mizere ya msewu, pamene m'misewu yathu yambiri mizereyo inafufutika kale. Musamangowerenga nyenyezi, tsegulani zotsatira zonse muone peresenti ya akulu ndi ya ana payokhapayokha, ndi chithunzi cha chidole chopakidwa mitundu yosonyeza mmene ziwalo za thupi zatetezedwera. Pachifuwa kapena pamutu pakakhala pofiira, mwadziwa.

Dzina la galimoto nalonso limanyenga. Bungwe la Global NCAP pamodzi ndi bungwe la oyendetsa magalimoto la AA la ku South Africa anayamba kuyesa magalimoto atsopano ogulitsidwa mu Africa mu 2017. Chery QQ3 sinapeze nyenyezi, Datsun Go+ inapeza imodzi, Toyota Etios inapeza zinayi pa chitetezo cha akulu. Chaka chotsatira Nissan NP300 Hardbody, pikapu imene aliyense amaiona ngati chitsulo chenicheni, inapeza ziro ngakhale inali ndi ma airbag awiri, chifukwa pokhala anthu panafwanyika. Kenako anaiwombetsa yatsopano ndi Navara yakale ya ku Ulaya ya mu 2015, ndipo yakaleyo ndiyo inateteza bwino dalaivala. Pa magalimoto a ku Japan nkhani ndi ya giredi, kutanthauza zipangizo zimene galimoto iliyonse inatuluka nazo mu fakitale. Ambiri aang'ono ma airbag a m'mbali ndi a m'denga anali ongowonjezera, wogula woyamba akafuna. Yoyesedwa ikhoza kukhala inali nawo, yanu ayi. Yang'anani kalembo ka SRS, kosonyeza kuti pali airbag, m'mbali mwa mpando ndi pa chipilala cha pakati pa zitseko. Yang'ananinso batani la chithunzi cha galimoto yokhala ndi mizere yokhota kumbuyo kwake. Chimenecho ndi chipangizo choletsa galimoto kuterereka, Toyota amati VSC, Honda VSA, Nissan VDC. Chimagwira buleki ya tayala limodzi galimoto ikayamba kupotoka, ndipo kafukufuku wa IIHS anapeza kuti chimadula pafupifupi theka la ngozi zakupha za galimoto yogwa yokha. Ku Japan chinakhala chokakamiza pa mitundu yatsopano kuyambira 2012, choncho zakale kuposa pamenepo zambiri zilibe. Kwa woyenda Zalewa nthawi ya mvula, kapena wozemba kabaza mwadzidzidzi, chimenechi n'chofunika kuposa nyenyezi imodzi yowonjezera.

Koma pamene anthu ambiri amagwera ndi apa: nyenyezi zinali za galimoto yatsopano, pamene inu mukugula ya zaka khumi kapena kupitirira. Pemphani pepala la okushoni, lofotokoza mmene galimoto inalili pogulitsidwa ku Japan. Giredi ya R kapena RA ikutanthauza kuti galimoto inachitapo ngozi n'kukonzedwa, ndipo XX pa chithunzi cha galimoto pa pepalalo ndi chitsulo chosinthidwa. Ikafika, kapena ngati mukugula ya pompano, tsegulani boneti muyang'ane zitsulo ziwiri zochokera kumbuyo kwa bampala kulowera mkati. Zikhale zowongoka, zopanda makwinya, zopanda penti yatsopano. Fakitale imawotcherera timadontho tozungulira totalikirana mofanana, ndiye mukaona mzere wokhuthala wa welding dziwani kuti padutsa munthu. Chotsani kapeti ya m'buti ndi tayala la sipeya muonenso pansi. Chasisi yowongoledwa ndi moto wa gasi ndi tcheni imaoneka bwino ikapentedwa, koma chitsulo cholimba chija chikapsa chimafewa, ndipo pa ngozi yachiwiri chimapindikira pomwe chinapindika kale m'malo mofwanyika pang'onopang'ono monga anachipangira. Lowaninso pansi muone dzimbiri, makamaka pa magalimoto ochokera kumpoto kwa Japan kumene amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu.

Tembenuzani kiyi osaliza injini. Nyali ya airbag iyake kwa masekondi pafupifupi 6 kenako izime yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anachotsa babu. Ikamazima pokhapokha injini italira, nthawi imodzi ndi nyali ya oyilo, wina anailumikiza ku waya wa nyali ina kuti abise vuto. Chivundikiro cha pa chiwongolero chikakhala chomatidwa kapena cha mtundu wosiyana ndi dashibodi, mkatimo mwina mulibe kanthu. Lamba aliyense mumukoke mwamphamvu kamodzi, ayenera kugwira nthawi yomweyo. Lamba wothothoka ulusi, wa zipsera zonyezimira ngati wapsa, kapena wouma osabwerera, ndi woti anagwirapo kale ngozi. Palinso nkhani ya ma airbag owonongeka a kampani ya Takata, amene anakhudza Fit, Vitz, Corolla ndi ena ambiri a zaka zimenezo. Mankhwala ake ophulitsira amawonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo akaphulika amatha kumwaza zidutswa za chitsulo kumaso. Lowetsani nambala ya chasisi pa tsamba la ku Japan la kampani yopanga galimotoyo muone ngati anasintha. Matayala ali ndi manambala anayi m'mbali, monga 2318, kutanthauza sabata ya 23 ya 2018. Ambiri amabwera ndi matayala a chisanu olembedwa studless, ofewa, amene pa phula lotentha amachedwa kuima. Sinthani musanayambe maulendo aatali.

Chidole chija chinali chitamanga lamba. Nyenyezi zonse zagona pamenepo. Lamba yekha amadula pafupifupi theka la chiopsezo cha imfa kwa okhala kutsogolo, ndipo airbag inapangidwa kuti ilandire munthu amene lamba wamugwira kale. Wopanda lamba amakumana nayo ikadali kufufuma. Kumanga lamba kumbuyo kwa msana kuti kabelu kasiye kulira ndi apolisi asaone ndi kudzinamiza nokha. Wokhala kumbuyo osamanga amauluka n'kudzaphwanya wa kutsogolo, chimodzimodzi thumba la chimanga kapena silinda ya gasi yongoikidwa m'buti ya hatchback osamangirira. Mwana wa pamiyendo palibe mkono ungamugwire pa liwiro la 50, ndipo mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo pamene pali airbag yogwira ntchito. Sienta ya mipando 7 itanyamula anthu 10 sinayesedwepo ndi aliyense. Ndipo ngati mukuganiza zowotcheretsa chitsulo kutsogolo kwa bampala, dziwani kuti chimasokoneza mmene kutsogolo kumafwanyikira ndi nthawi imene masensa amaphulitsira airbag, kuwonjezera pa kuvulaza kwambiri woyenda pansi.

Pa Vitz ndi Fit zanuzo, kulemera kwake n'koyandikana, choncho kuyerekeza nyenyezi zake n'kololeka, bola zikhale za JNCAP zonse ndi za zaka zoyandikana. Zikafanana, tengani yatsopanoko, yokhala ndi VSC kapena VSA ndi ma airbag a m'denga, yopanda R pa pepala la okushoni. Ngati maulendo a ku Lilongwe ndi ochuluka ndipo thumba likulola, onjezerani pang'ono mutenge yokulirapo monga Axio kapena Fielder ya zaka zomwezo, n'kuiyang'ana chasisi, nyali ya airbag ndi malamba monga tafotokozera.