Za makina a Edison oyankhulira ndi akufa

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti Thomas Edison, katswiri wa ku America wotulukira makina atsopano, anapanga makina oyankhulira ndi anthu akufa. Kunena ananenadi, koma makinawo palibe anawaonapo.

Nkhaniyi inabuka mu 1920, iye atauza mtolankhani B. C. Forbes wa magazini ya American Magazine kuti akukonza chipangizo choterocho. Kumbukirani nyengo yake. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inali itangotha mu 1918, mliri wa chimfine choopsa wa zaka zomwezo chitapululanso anthu miyandamiyanda. Ku America ndi ku Ulaya anamfedwa ankakhala mozungulira tebulo mumdima, atagwirana manja, kudikira kuti mzimu wa mwana wawo womwalirayo ugogode. Edison zimenezo ankaziona ngati zachibwana. Maganizo ake anali akuti moyo wa munthu ndi khamu la tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ngati timatsala thupi likaola, chipangizo chomva ngakhale kugwedezeka kochepetsetsa chingathe kukuza mphamvu yake mpaka ife tizindikire.

Mu 1926 anauza nyuzipepala ya New York Times kuti zonsezo zinali nthabwala. Ine pamenepo ndimakayikako, chifukwa anafotokozanso zomwezo mwatsatanetsatane ku magazini ya Scientific American. Komabe atamwalira mu 1931, m'mapepala ake simunapezeke pulani ya makinawo.

Wina amene anatengeka kwambiri ndi zomva mawu a akufa pa makina anali Friedrich Jürgenson wa ku Sweden. Mu 1959 ankajambula kulira kwa mbalame pa tepi, ndiye pomvetsera akuti anamva mawu a anthu, pambuyo pake mpaka a malemu mayi ake. Otsutsa amati makina ojambulirawo ankangotola mawu a mawayilesi akutali m'kati mwa phokoso lija.