Border Collie si galu wolondera mbuzi

Achimwene, mwafunsa ngati Border Collie angateteze mbuzi zanu ku Mitundu kwa afisi ndi akuba, ine ndikuti ayi, musataye ndalama zanu. Galu ameneyu ntchito yake ndi kukusa ziweto basi. Anachokera kumalire a Scotland ndi England komwe amaweta nkhosa m'mapiri, ndiye akaona nkhosa amanyonyomala n'kuziyang'anitsitsa osaphethira, kenako kuzizungulira mwakachetechete mpaka zonse zalunjika komwe mwini wake akuimbira likhweru. Nzeru ali nazo zoopsa koma fisi sangalimbane naye, thupi ndi lochepa. Komanso mukamutsekera mumpanda opanda chochita amayamba kukusa nkhuku ndi ana, ndinaziona kwa aneba ku Area 25, galu amangozungulira geti tsiku lonse mpaka ndinamumvera chisoni.

Pa ng'ombe pali Australian Cattle Dog, iyeyu amaluma ku chidendene kenako n'kubwatama pansi kuti ng'ombe ikaponya mwendo imuphonye. German Shepherd nayenso mtundu wake unakhazikitsidwa ku Germany mu 1899 ngati woweta nkhosa, koma pano ambiri ali ku polisi ndi m'mageti.

Inuyo mukufunika wolondera, ngati Anatolian Shepherd amene alimi ku Namibia amatetezera mbuzi ku zilombo. Amamuika m'khola akadali kamwana, amagona ndi mbuzizo mpaka kuziona ngati abale ake. Ngati ameneyu wavuta kupeza, galu wathu wachikuda womulera chimodzimodzi amauwa usiku bwinobwino, bola katemera wa chiwewe chaka chilichonse ndi mankhwala a nkhupakupa musaiwale.