Kupenta nyanja n'kumagulitsa kwa alendo, kodi ndi luso?

Achimwene a ku Mangochi, imelo yanu ndaiwerenga kawiri. Mukuti mumapenta nyanja, migwalangwa ndi mabwato n'kumagulitsa kwa alendo, ndiye wina wakunyozani kuti imeneyo ndi geni chabe. Mukufunsa ngati musiye. Ayi, musasiye. Tamvani za anzanu a ku Florida, ku America.

M'zaka za m'ma 1950, m'tauni ya Fort Pierce, tsankho linali pachimake. Nyumba zoonetsera zithunzi sizinkalandira munthu wakuda, ndipo ntchito yodikira mnyamata inali yothyola malalanje. Alfred Hair, mnyamata wakuda wa m'tauniyi, anaphunzira kupenta kwa mzungu wina, A. E. Backus, yemwe analimbikitsanso wopenta wina wakuda, Harold Newton. Backus ankapenta modekha, koma Hair analibe nthawi yotero. Ankakhoma mabolodi angapo pamzere panja, n'kupaka thambo pa onsewo, kubwerera kudzaika madzi, kenako mitengo. Nsalu yopentapo inali yodula, choncho ankagwiritsa ntchito Upson board, bolodi yotchipa ya omanga nyumba. Zithunzizo ankazilongedza m'galimoto penti isanaumitsitse, n'kumagogoda m'maofesi ndi m'mahotela a m'mbali mwa msewu, chimodzi pafupifupi madola 25.

Hair anaphedwa ndi mfuti mu 1970 ali ndi zaka 29 zokha, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Dzina loti Highwaymen, la gulu la opentawa chifukwa chogulitsa m'misewu, linabwera pambuyo, m'ma 1990. Mu 2004, anthu 26 a gululi analembedwa mu Florida Artists Hall of Fame, mndandanda wolemekeza aluso a ku Florida, mzimayi mmodzi yekha, Mary Ann Carroll.

Chimene chimandigwira mtima pa zithunzi zawo n'chakuti dziko lawo ankalidziwa ngati chikhatho. Mwezi ukuwala pamadzi a Indian River. Kakowa ataima duu m'dambo. Mtengo wa poinciana uli psuu, womwewu umafiira m'misewu yathu mvula ikayandikira. Thambo lolemera ndi chinyezi, loti ukaliona thukuta limayamba kutsika.

Apa ndiye pamene ndikukuoperani, achimwene. Chithunzi chikayenda malonda, dzanja limazolowera kuchibwereza, maso n'kusiya kuyang'ana nyanja. Nyanja ya mwera mu Julaye imachita mbuu, mafunde akusweka thovu. Ya mu Okutobala imagona pansi pa utsi wa lupsa, dzuwa likulowa ngati khala lamoto. Kodi zonsezi zimaoneka pa mabolodi anu, kapena paliponse ndi buluu yemweyo? Mawa lawirirani kudooko pomwe asodzi a usipa akukocheza, mutenge bolodi imodzi yokha, ndipo mukamaliza munditumizire ndione.