Anyezi wa maluwa wandiwolera, ndinalakwitsa pati?

FUNSO: Mu Disembala ndinabzala mitu isanu ya anyezi wa maluwa, uja wotulutsa duwa lapepo lozungulira ngati mpira. Masamba anamera, kenaka zonse zinawola. Ndinalakwitsa pati? Mayi wa ku Kapata, Chipata

YANKHO: Pepani mayi, inaphedwa ndi mvula. Mitundu ngati Allium giganteum kwawo ndi kumapiri a pakati pa Asia, kozizira kwambiri m'chisanu koma kouma m'chilimwe. Ikakhala m'dothi lonyowa la dzinja lathu, mutu umafewa n'kununkha.

Vuto lina n'lakuti chisanu cha Juni kuno sichiikwanira kuti itulutse duwa. Musanabzale, ikani mitu m'kathumba ka pepala, isungeni m'firiji masabata 10 mpaka 12, osati mufiriza. Isayandikane ndi maapozi kapena nthochi, chifukwa mpweya wa zipatso zakupsa umawononga duwa lomwe lili m'kati.

Bzalani mu Meyi, mvula itatha. Sakanizani dothi ndi mchenga wa kumtsinje komanso manyowa owolerana. Ndowe zaziwisi ayi. Dzenje likhale lakuya katatu kutalika kwa mutuwo, nsonga iloze kumwamba, mitu italikirane masentimita 20. Thirirani pokhapokha dothi lapamwamba likauma. Masamba akayamba chikasu duwa lisanatseguke, musadandaule, ndi mmene amachitira. Akauma, fukulani mitu mvula isanagwe.

Kunena zoona, ndi ntchito yambiri ndipo duwa sililonjezeka. Ife tingakulangizeni Allium tuberosum, mtundu wina wa m'banja la anyezi: amapirira kutentha, amatulutsa timaluwa toyera, ndipo masamba ake onunkhira adyo mumathira m'ndiwo.