Ma bowl pafupifupi 40, chikho chimodzi: yankho kwa achemwali a ku South Bend

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena okhala ku South Bend, m'boma la Indiana ku America, mzinda woyandikana ndi yunivesite ya Notre Dame, womwe Amalawi tilipo ambiri ndithu. Akufunsa za mpira wa Chimereka (American football) wa mayunivesite. Ndaidulako, koma mutu wake ndi uwu:

"Achimwene, Disembala akangofika anzanga kuntchito sakamba china koma bowl. Lero Rose Bowl, mawa Sugar Bowl, mkuja akuti ya mbatata. Ndikafunsa kuti fainolo ndi iti, wina akuti zonsezo ndi zikho, wina akuti chikho n'chimodzi basi. Chaka chija Notre Dame inafika patali mzinda wonse unapenga, kenako kunangoti zii. Chinachitika n'chiyani? Ndipo mpira wa ana asukulu umaimitsa bwanji mzinda wathunthu?"

Achemwali, anzanu awiriwo onse akunena zoona, ndipo chisokonezo chagona pomwepo. Pali zinthu ziwiri zosiyana zomwe eni ake anazisoka pamodzi ngati chigamba pa malaya akale. Chimodzi ndi ma bowl, omwe ali ndi zaka zoposa 100. China ndi mpikisano wopezera akatswiri a dziko lonse, College Football Playoff, womwe ndi wadzulodzulo.

Tiyambe ndi akalewo. Bowl sinayambe ngati chikho ayi, inayamba ngati phwando. Anthu a ku Pasadena, ku California, anali ndi chikondwerero cha maluwa pa tsiku la chaka chatsopano, chodzionetsera kuti kwawo kukuwala dzuwa pomwe kum'mawa kwa dzikolo anthu akukumba chipale pakhomo. Pa 1 Januwale 1902 anaitana matimu awiri a mayunivesite kuti adzakometse tsikulo. Michigan inaswa Stanford 49 kwa 0, chipongwe chenicheni, moti okonza phwando anausiya kaye mpirawo mpaka 1916. Bwalo lomwe anamanga pambuyo pake linali lozungulira ngati mbale yolowa, ndipo mbale yotereyo pa Chingelezi ndiyo bowl. Dzina la bwalo, Rose Bowl, linasanduka dzina la masewero. Mizinda ina yotentha itaona alendo akudzaza mahotela inati nafenso: Miami ndi Orange Bowl komanso New Orleans ndi Sugar Bowl mu 1935, Dallas ndi Cotton Bowl mu 1937. Maluwa, malalanje, shuga, thonje. Aliyense amatsatsa za kwawo.

Choncho bowl ndi masewero amodzi okha, a tsiku limodzi, oitanidwa. Palibe kupita ndime ina. Mwapambana, mwanyamula chikho cha bowl imeneyo, mwabwerera kusukulu. Lero ma bowl alipo pafupifupi 40, ndipo kuti timu iitanidwe imangofunika kupambana masewero 6 mwa 12 a sizoni. N'chifukwa chake mumaona timu yomwe yagonja theka la masewero ake ikuvina ndi chikho pa TV ngati yagonjetsa dziko. Musaiseke kwambiri. Kwa mnyamata wa sukulu yaing'ono, amenewo ndi masiku angapo mu hotela yabwino, mphatso za kampani yothandiza masewerowo, ndipo kwa ambiri ndi tsiku lomaliza kuvala yunifomu, poti opita ku NFL, ligi yaikulu ya osewera olipidwa, ndi ochepa zedi.

Ya mbatata ija iliko ndithu, Famous Idaho Potato Bowl, yomwe amasewerera ku Boise pa bwalo la kapinga wabuluu. Ku Charlotte kuli Duke's Mayo Bowl komwe kochi wopambana amakhala pampando n'kumukhuthulira chidebe cha mayonezi pamutu. Koma yomwe inandigwetsa ndi phwete ndi Pop-Tarts Bowl ya ku Orlando. Munthu wovala ngati bisiketi yaikulu amavina masewero onse, pamapeto amakwera pamwamba pa chimakina chootchera buledi, akubayibitsa anthu, n'kumira m'kati. Pansi pamatuluka chibisiketi chenicheni, osewera opambana n'kuyamba kuchinyema ndi manja, maso ake chili nawobe. Mwana wanga wamng'ono anandiyang'ana nkhope ili gwa n'kufunsa kuti, "Adadi, amudyadi?"

Nanga katswiri wa dziko lonse ankapezeka bwanji? Apa ndiye poseketsa. Kwa zaka zambirimbiri ankachita kuvota. Atolankhani anali ndi mndandanda wawo, makochi wawo, ndipo matimu awiri apamwamba nthawi zambiri sankakumana n'komwe chifukwa ligi iliyonse inali ndi pangano ndi bowl yake. Mu 1997 atolankhani anati Michigan, makochi anati Nebraska, onse n'kudzitcha akatswiri. Tangoganizani ligi ya kwathu itatha, Maule ndi Manoma osakumana, kenako olemba nkhani n'kukhala pansi kusankha mwini chikho. Ku Blantyre kukanagona anthu? Mu 1998 anabweretsa dongosolo la BCS, losakaniza mavoti ndi makompyuta kuti lisankhe matimu awiri a fainolo, koma mu 2003 zinabwerezanso, yunivesite ya LSU uku ya USC uko. Mu 2014 ndi pomwe anayamba playoff ya matimu 4, osankhidwa ndi komiti ya anthu 13.

Anayiwo anachepa. Mu 2023 Florida State inapambana masewero onse 13, koma komiti inaisiya panja chifukwa quarterback wake, Jordan Travis, anali atathyoka mwendo. Quarterback ndiye mwini mpira pa timu, woponya uja, ndipo komiti inaona kuti popanda iyeyo timuyo si yomwe ija. Osewera ambiri a Florida State atamva zimenezo sanasewere nawo Orange Bowl yomwe anawapatsa ngati chipepeso, ndipo Georgia inawasambitsa 63 kwa 3. Mapulani okulitsa playoff anali atavomerezedwa kale, koma manyazi a tsiku limenelo anatseka pakamwa ambiri omwe ankati anayi akukwana.

Tafika tsopano pa chaka chanu chija. Sizoni ya 2024 inali yoyamba ya matimu 12. Malo 5 anali a akatswiri a maligi, 7 otsalawo a omwe komiti yawaika pamwamba. Anayi mwa akatswiri a maligiwo anapumula ndime yoyamba: Oregon, yomwe inali isanagonjepo, Georgia, Boise State ndi Arizona State. Notre Dame sikanapumula ngakhale ikanafuna, chifukwa pa mpira uwu ilibe ligi, imayenda yokha. Koma inapeza china chokoma, chomwe chinali chisanachitikepo: masewero a playoff pakhomo. Lachisanu pa 20 Disembala, usiku wozizira koopsa uja, Indiana inabwera ku South Bend n'kugonja 27 kwa 17. Bwalo la Notre Dame limalowa anthu oposa 77,000, pomwe mzinda wanuwo uli ndi anthu ongopitirira pang'ono 100,000. Ngati munachedwa kuntchito tsiku limenelo, chifukwa chake n'chimenecho. Mawa lake Penn State, Texas ndi Ohio State nazo zinapambana pakwawo, zonse mosavuta, anthu n'kuyamba kudandaula kuti 12 achuluka.

Kuyambira ma kotafainolo, playoff imabwereka ma bowl akuluakulu 6, ndipo chigamba ndinanena chija chili apa. Rose Bowl ya chaka chimenecho inali Rose Bowl yomwe ija ya maluwa, komanso inali kotafainolo. Ndipo taonani zomwe zinachitika: onse anayi opumula aja anatuluka. Penn State inachotsa Boise State 31 kwa 14 mu Fiesta Bowl, n'kumutsekera njira Ashton Jeanty wa Boise State, yemwe anamaliza sizoni ndi mayadi 2,601 othamanga ndi mpira (yadi ndi pafupifupi mita imodzi), kuperewera 27 okha kuti afike pa mbiri ya Barry Sanders ya 1988. Texas inatuluka thukuta kuti ichotse Arizona State 39 kwa 31 mu Peach Bowl, mpaka nthawi yoonjezera kawiri. Ohio State inakwapula Oregon 41 kwa 21 ku Pasadena, itatsogola kale 34 kwa 0 nthawi yopumula isanakwane. Sugar Bowl ya Notre Dame ndi Georgia inasunthidwa kufika pa 2 Januwale, munthu wina atalowetsa dala galimoto m'khamu la anthu pa Bourbon Street ku New Orleans m'bandakucha wa chaka chatsopano n'kupha anthu 14. Itaseweredwa, Notre Dame inapambana 23 kwa 10.

Ena anati kupumula milungu itatu kunawachititsa dzimbiri. Ine ndimaona kuti vuto linali masanjidwe. Boise State komiti inaiika pa nambala 9, Arizona State pa 12, koma lamulo la akatswiri a maligi linawakweza pa 3 ndi 4. Oregon, yomwe inayenera kupeza njira yofewa, anaiponyera Ohio State, timu yomwe inaikidwa pa nambala 8 koma aliyense ankadziwa kuti ndi yoposa pamenepo. Eni ake anavomereza kulakwitsa, ndipo mu Meyi 2025 anasintha kuti matimu azisanjidwa motsata mndandanda wa komiti basi.

Mu semifainolo Notre Dame inagonjetsa Penn State 27 kwa 24 mu Orange Bowl, ndi mpira womenyedwa pakati pa mapolo kutatsala masekondi ochepa. Ya Ohio State ndi Texas mu Cotton Bowl ndiyo sindidzaiwala. Kutatsala mphindi ziwiri ndi pang'ono, Texas ikutsalira 21 kwa 14, inali pafupi kwambiri ndi mzere wogoletsera wa Ohio State, mwayi womaliza. Quinn Ewers, quarterback wa Texas, anabwerera m'mbuyo kuti aponye. Jack Sawyer wa Ohio State, yemwe ankagona naye chipinda chimodzi pomwe Ewers anali ku Ohio State, anamufikira, kumuphumitsa mpira, kuutola yekha, n'kuthamanga nawo mayadi 83 mpaka kukagoletsa, chimunthu chonse chija, anzake akumuperekeza m'mbali. Ine ndinali ndi mbale ya nsima pamiyendo. Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji, ndinangoona ndiwo zili pa kapeti. Zinathera 28 kwa 14.

Fainolo siikhala bowl, imasinthasintha mizinda. Imeneyi inali ku Atlanta, pa Mercedes-Benz Stadium, pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwelo lomwe Donald Trump ankalumbiritsidwa kachiwiri. Notre Dame inayamba bwino, inasunga mpira pafupifupi mphindi 10 n'kugoletsa. Kenako Ohio State inathira mapointi 31 motsatizana. Anyamata anu sanafe ulesi, anabweza mpaka 31 kwa 23, ndipo mzinda wanuwo unayambanso kupuma. Ndiye kutatsala mphindi zosakwana zitatu, Ohio State ikufunika mayadi 11 kuti isataye mpira, quarterback wake Will Howard anaponya patali kwa Jeremiah Smith, mnyamata wa chaka choyamba, mayadi 56. Zii uja munamumva anayambira pamenepo. Zinathera 34 kwa 23, ndipo Notre Dame ikudikirabe chikho chomwe inatenga komaliza mu 1988. Chowawitsa china, kochi wake Marcus Freeman anasewerapo yekha ku Ohio State.

Chomwe ndikufuna muone n'chakuti matimu awiri a fainolowo, pa malamulo akale sakanafikako. Ohio State inagonja kwa Oregon 32 kwa 31, kenako pa 30 Novembala inagonja pakhomo kwa Michigan 13 kwa 10. Ku Columbus, kwawo kwa Ohio State, kugonja kwa Michigan ndi maliro, ndipo masapota ambiri ankafuna kochi Ryan Day apakire. Patangotha milungu 7 anali atanyamula chikho. Notre Dame nayo mu Seputembala inagonja pakhomo 16 kwa 14 kwa Northern Illinois, timu yaing'ono yomwe anachita kuilipira madola 1.4 miliyoni kuti ibwere idzamenyedwe. Kale kugwa kotero kunali kutha kwa chaka. Tsopano timu ikhoza kupunthwa n'kudzuka, ndipo katswiri amapezeka pa bwalo osati pa pepala la mavoti. Ine zimenezo ndimazikonda.

Koma mtengo wake akulipira ndi ma bowl ang'onoang'ono aja. Mnyamata amene akuyembekezera mamiliyoni ku NFL saona chifukwa choika bondo lake pachiswe pa masewero opanda kopita. Mu Pop-Tarts Bowl ya Disembala 2024, Cam Ward wa Miami anasewera chigawo choyamba chokha, chachiwiri anaonerera ali chilili pambali, timu yake n'kugonja 42 kwa 41 kwa Iowa State. Miyezi inayi pambuyo pake anasankhidwa woyamba pa onse olowa NFL. Marshall inachita kubweza kalata yoitanidwa ku Independence Bowl chifukwa kochi atachoka osewera ambiri analembetsa zosamukira masukulu ena, moti analowa m'malo ndi Louisiana Tech, yomwe inali itapambana masewero 5 okha. Mawu oti "ana asukulu" aja muwagwire mosamala, achemwali. Kuyambira 2021 osewerawa amaloledwa kupanga ndalama ndi maina awo, ndipo kuyambira 2025 mayunivesite eni ake amatha kuwalipira. M'kalasi amalowa, koma ena mwa iwo amalandira kuposa owaphunzitsa.

Za kuima kwa mzinda, yankho lake n'lakuti mpira wa mayunivesite ndi wamkulu msinkhu kuposa NFL. Unayamba mu 1869, NFL mu 1920. Madera ambiri alibe timu ya NFL, ndipo yunivesite ndiyo mbendera yawo. Agogo anaphunzira pomwepo, kapena ankakolopa pomwepo, kapena ankangomvera pa wailesi, basi banja lonse ndi la timu imeneyo mpaka adzukulu.

Disembala akubwerayu, anzanu akatchula bowl, mungofunsa funso limodzi: ndi ya playoff kapena ayi? Akati Rose, Sugar, Orange, Cotton, Fiesta kapena Peach, dziwani kuti wogonja watuluka mu mpikisano wa chikho chachikulu. Akatchula ina iliyonse, khalani pansi muonere mayonezi. Freeman mutameni momwe mungathere, adzakukondani. Za Northern Illinois zokha musazitchule pa nthawi ya tiyi.