Kodi Iceland ya 2016 inangochita mwayi?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa owerenga wina amene akuti anakangana ndi anzake mpaka mawu kusasa. Funso lake mwachidule ndi lakuti: zinatheka bwanji kuti Iceland, dziko la anthu pafupifupi 330,000, ifike mu makotafainolo a Euro 2016 mpaka kutulutsa England? Iye akuti unali mwayi basi, mpira umatero nthawi zina. Anzake akukana. Akufuna ndiweruze.

Achimwene, pepani, mlanduwu ukukomera anzanuwo. Mwayi unalipo, ndipo ndiutchula, koma kuti muone bwino muyenera kutsatira chaka chonse, osati usiku umodzi wa ku Nice, ku France, kumene anatulutsira England.

Pa 3 Sepitembala 2015 Iceland inakagonjetsa Netherlands 1-0 ku Amsterdam komweko, Gylfi Sigurðsson atagoletsa penate. Imeneyi ndi Netherlands imene inatha pa nambala 3 pa World Cup ya 2014, ndipo aka kanali kachiwiri, chifukwa mu Okutobala 2014 anali ataiswa kale 2-0 ku Reykjavík. Patapita masiku atatu analepherana 0-0 ndi Kazakhstan pakwawo, pointi imeneyo n'kukwanira kuwafikitsa ku Euro 2016. Netherlands inaonera mpikisanowo pa TV.

Kenako zinthu zinavuta, ndipo apa ndi pamene ambiri amadumpha akamafotokoza nkhaniyi. Anagonja 1-0 ku Turkey. M'masewero opimana mphamvu Poland inawakwapula 4-2, Denmark 2-1, ndipo kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti Euro iyambe Norway inawachinya 3-2. Mmene ndimaonera ine, apa ndi pamene kuchepa kwa dziko kumaonekera. Dziko lalikulu likasintha osewera anayi limakhalabe timu yoopsa. Laling'ono likatero, nsalu yang'ambika.

Aphunzitsi awiri a timuyi, Lars Lagerbäck wa ku Sweden ndi Heimir Hallgrímsson (dokotala wa mano, inde, wozula mano weniweni), ankadziwa zimenezi. Atafika ku France anayambitsa anyamata 11 omwewo pa masewero onse asanu. Pagolo Hannes Halldórsson, pakati pa otseka kumbuyo Kári Árnason ndi Ragnar Sigurðsson, pakati kaputeni Aron Gunnarsson ndi Gylfi, kutsogolo Kolbeinn Sigþórsson ndi Jón Daði Böðvarsson. Kaseweredwe kake 4-4-2 wachikale, mizere iwiri yothinana. Mpira ankausiyira adani kuti azitsetsereka nawo mmene angafunire, bola asapeze mpata pakati. Ngakhale Eiður Guðjohnsen, amene anasewerapo Chelsea ndi Barcelona, ankayambira pa benchi.

Ndi Portugal analepherana 1-1, Cristiano Ronaldo n'kutuluka akudandaula kuti anyamatawo ali ndi maganizo aang'ono ndipo safika patali. Ndi Hungary 1-1, atadzigoletsa okha kumapeto. Austria anaigonjetsa 2-1, Arnór Ingvi Traustason atagoletsa m'mphindi zowonjezera.

Tsopano taonani chigoli choyamba cha pa Austria. Mpira watuluka cha kumanja, pafupi ndi golo ya adani. Aron akupita kukautenga, akubwerera m'mbuyo, akuthamanga n'kuuponya ndi manja mpaka m'bokosi ngati kona. Kári, amene wachoka kumbuyo chifukwa cha mpira umenewu, akuugunda pang'ono ndi mutu kuti upitirire, Jón Daði akuulandira n'kumwetsa. Patapita masiku asanu, pa 27 Juni ku Nice, Wayne Rooney wagoletsa penate pa mphindi 4, ndipo England ikuona ngati ntchito yatha. Mphindi ziwiri zokha: Aron waponya, Kári wagunda ndi mutu, Ragnar wamalizitsa. Mbali yomweyo, anthu awiri omwewo, njira yomweyo. England inali itaonera masewero a Austria ngati wina aliyense, koma inalephera kutseka. Chinthu chochitika kawiri mofanana chonchi, achimwene, chimachokera ku bwalo la zokonzekera.

Mwayi uja nawu. Aleksandar Dragović wa Austria anaphonya penate, mpira unagunda mtengo. Chigoli chachiwiri cha pa England, cha Kolbeinn pa mphindi 18, sichinali chamoto. Goloboyi wa England, Joe Hart, anaukhudza mpirawo koma unamupulumuka. Goloboyi wina akanaugwira. Koma zitatero panatsala mphindi zoposa 70 zoti England ibweze, ndipo sinapeze njira. Mphunzitsi wa England, Roy Hodgson, anatula pansi udindo usiku womwewo.

Anyamatawa sanagwe kumwamba. Kuyambira chaka cha 2000 Iceland inayamba kumanga mabwalo ofolera okhala ndi udzu wapulasitiki, chifukwa nyengo yozizira kumeneko ndi yaitali ndipo panja sipaseweredwa. Ana anayamba kusewera chaka chonse, akuphunzitsidwa ndi makochi okhala ndi ziphaso za UEFA. Gylfi, Aron, Kolbeinn, Birkir Bjarnason ndi Jóhann Berg Guðmundsson anali limodzi m'timu ya osapitirira zaka 21 imene inafika ku mpikisano wa ku Ulaya mu 2011. Mu 2013 anatsala pang'ono kupita ku World Cup, Croatia ndi imene inawatsekereza pa ndime yomaliza. Pofika 2016 aliyense ankadziwa kumene mnzake aponde asanapondeko.

Kudalira anthu 11 okhaokha kuli ndi mtengo wake, ndipo anaulipira pa 3 Julayi ku Stade de France. Timu imene yakhala ikuthamangitsa mpira masewero anayi miyendo imalemera, ndipo France inali ndi liwiro. Chigawo choyamba chinatha 4-0. Anabwerako ndi zigoli ziwiri, cha Kolbeinn ndi cha Birkir, masewero n'kutha 5-2.

Lagerbäck anachoka mpikisano utatha, Heimir anatsala yekha. Ndi anyamata ambiri omwewo anatsogola gulu lawo pamwamba pa Croatia, Ukraine ndi Turkey, ndipo pa 9 Okutobala 2017 anagonjetsa Kosovo 2-0 n'kudzigulira malo ku World Cup ya ku Russia.