Matebulo olandirira thabwa pa drum sander: pangani nokha

Achimwene, mwati drum sander (makina osalaza matabwa ndi dramu lozungulira lokutidwa sandipepa) imene mwagula kwa munthu ija yabwera yopanda matebulo olowetsera ndi otulutsira thabwa, ndipo matabwa aatali akumatuluka okumbika kumapeto konse kuwiri. Mukufunsa ngati ndi bwino kuitanitsa matebulo ake ku Joni kapena kugula timiyendo ta ma rola, toima patokha tokhala ndi rola pamwamba yonyamulira thabwa. Ine ndikuti ndalamazo sungani, matebulowo mupange konkuno ku Dedza.

Kukumbikako kumabwera chonchi: thabwa likamalowa limakhala litagwiridwa ndi rola imodzi yokha yopanikiza. Gawo lotsala panja likalemera limatsika, nsonga n'kudzuka kukagunda dramu, ndiye sandipepa amadya pamenepo. Potuluka zimachitikanso chimodzimodzi. Ine zinandionekera pa thabwa la mlombwa la mamita 2, la tebulo yodyera. Ndi dzanja sindinamve kanthu. Nditapaka vanishi n'kuliika pafupi ndi windo, mzere uja unaonekeratu, pafupifupi zala zinayi kuchokera kumapeto. Zinandiwawa kwambiri, poti mlombwa masiku ano sapezeka wamba.

Timiyendo ta rola sindikukulimbikitsani. Pansi pa mashedi athu ambiri si pofanana, ndipo rola ikapendekeka pang'ono chabe imakokera thabwa kumbali. Komanso nsonga ya thabwa ikatuluka yoweramira pansi imagunda kamwendoko n'kukagwetsa.

Pitani kwa owotcherera pa boma akupangireni mafelemu awiri a angle iron, lililonse lotalika masentimita 60 mpaka 80, m'lifupi mofanana ndi lamba wa makinawo, amene amayendetsa thabwa pansi pa dramu. Chofunika kwambiri n'chakuti mafelemuwo amangiriridwe ku miyendo ya makina enieniwo, osati kuima paokha pansi. Mukatero, ngakhale musunthe makina, muyeso susokonekera. Pamwamba ikani bolodi ya melamine kapena plywood yokhuthala mamilimita 18 yomatidwa Formica. Musaikepo thabwa la paini, ngakhale ndi lomwe tili nalo lambiri kuno. Ndi chinyontho cha Dedza, mvula ndi nkhungu ya m'mawa ija, lipindika musanathe mwezi.

Bolodiyo isakhomeredwe pa felemu. Ikhale pa mabawuti anayi a M10 (okhuthala mamilimita 10), m'ngodya iliyonse imodzi, bawuti iliyonse ndi manati awiri, ina pamwamba pa chitsulo ina pansi. Mitu ya mabawuti ilowe m'kati mwa bolodi kuti isakande thabwa. Manatiwo ndi amene muzikwezera ndi kutsitsira.

Poyeza musathamange, apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Zimitsani makina, chotsani pulagi, kwezani dramu. Gonekani levulo yaitali pa lamba, kapena chitsulo cha aluminiyamu chowongoka bwino, chitulukire mbali zonse ziwiri. Mbali ya tebulo yoyandikana ndi lamba ifanane naye ndendende, kapena itsikeko pang'onong'ono, isakwere. Mbali yakunja ikwezeni ngati kukhuthala kwa khadi la ku banki, osafika milimita imodzi. Kukwerako kumanyamula mchira wa thabwa, nsonga n'kukhala yogona pa lamba. Yezani kumanzere, yezaninso kumanja. Pakati pa tebulo ndi lamba siyani mpata wa mamilimita 5 kuti lamba asakhule, koma usakule mpaka chala kulowa, makamaka ngati muli ndi anyamata ophunzira ntchito. Pomaliza pakani kandulo pa bolodi kuti thabwa liziterera.

Kenako yesani ndi thabwa lotsala. Lilembeni mizere ya pensulo kuyambira kumutu mpaka kumchira, lilowetseni mukudya pang'ono, osapitirira theka la milimita ulendo umodzi. Mizere ikafufutika kumapeto kokha pakati n'kutsala, bwererani ku manati aja. Ngati matebulo ali bwino koma vuto lilipobe, onani ma rola opanikiza a makinawo, mwina alefuka poti ndi akale.

Matabwa a zitseko opitirira mamita 2 amafunabe munthu wolandira kumbuyo, angoligwiriza osalikoka. Ndipo mukamadula siyani masentimita 10 owonjezera mbali iliyonse, mudzachotse mukamaliza kusalaza. Mukadutsa ku Lizulu Loweruka lino mundiimbire, mudzaone anga momwe ndinawamangira musanapite kwa owotcherera.